Mayi Somawati Anasankha Chisanu

M'galimotomo munatsala malo amodzi okha, ndipo a Mohini anasungira mnzawo, a Somawati. Banja la a Mohini linachita hayala galimoto yopita ku Srinagar nyengo ya masika, masamba a mitengo ya chinara akafiira, kukaona kwawo kumene anathawa zipolowe zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Ife tonse amene tinathawa chaka chimenecho n'kudzaunjikana kuno ku Jammu timaudziwa ulendo wotere. Umapita, umaima kutsogolo kwa nyumba yako ngati mlendo, umalira pang'ono, umagula mtedza n'kubwerera. Ena amati n'kudzipweteka dala. Koma a Somawati anali asanapiteko n'kamodzi komwe, ndipo atangomva za malowo anayamba kupinda zovala tsiku lomwelo, ulendo ukadali kutali.

Nyumba ya a Somawati inali ku Rainawari, dera lina la mu Srinagar momwemo, kumene ngalande ndizo misewu ndipo wogulitsa ndiwo zamasamba amafika pazenera ndi bwato. Inali yosanja katatu, ya njerwa ndi matabwa, ndipo kuseri kwake kunali masitepe amiyala otsikira m'madzi. Analowamo ali kamtsikana kongokwatiwa kumene. Amuna awo, a Triloki Nath, anamwalira kuno chilimwe china chifukwa cha kutentha, makiyi a nyumbayo ali m'thumba la malaya. Kuchokera pamenepo zonse ankayendetsa ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Kuldeep, amene ankapitako apo ndi apo n'kubwera ndi mawu omwewo: denga likudontha pang'ono koma nyumba ili chiimire, ndipo mayi Fazi a khomo loyandikana akupereka moni.

Tsiku lina Kuldeep anaweruka kuntchito n'kupeza mayi ake ali pakhonde akusankha mpunga, thukuta lili kamukamu. Anakhala pansi pafupi nawo, chinthu chimene sankachitachita.

"Amayi, ndamva kuti mukupita ndi a Mohini."

"Wamva bwino. Makutu ako alibe vuto, miyendo yokha ndiyo inakana kunditengera kwathu."

Kuldeep anaseka. "Koma galimoto imeneyo mwaiganizira? Anthu thithithi, ana olira, komanso amuna a Mohini aja amene amaimitsa dalaivala pamtengo uliwonse. Kwawo ndi ku Habba Kadal, osati kwathu. Ku Rainawari akakupatsani nthawi yongomwera tiyi, hutala ikulira kale panja."

"Nthawi yomwera tiyi indikwanira. Ine ndikungofuna ndikagwire chitseko changa."

"Nanga mutadikira chisanu? Ndikutengani ineyo. Tikakhala sabata yathunthu."

"Chisanu! Ndi mawondo angawa? Iwe, unabadwira komweko, usamayankhule ngati mlendo wochokera ku Bombay. Masika ndiye nthawi. Msewu ndi wouma, madzi m'ngalande ali phee, makangaza apsa. Chisanu chikafika chipale chofewa chimatseka msewu wa m'mapiri, mzinda wonse umanunkha utsi wa makala, anthu nkhope zili ndwii. Ndikaonako chiyani?"

Kuldeep anatola kamwala m'licheromo n'kukaponya panja. Kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Ine ndimaganiza za mwezi wa Poh, amayi. Nsomba ndi mpunga."

Apa ndiye anawalasa pamtima penipeni. Nyumba iliyonse ya kwathu ili ndi mwini wake wosaoneka amene amailondera, ndipo amakhala m'chipinda cha pamwamba, kunsi kwa denga. Kamodzi pachaka, mwezi wa Poh, kuzizira kukafika poluma mafupa, mayi wa pabanja amaphika nsomba ndi mpunga, amazira pansi ndi dothi, amaika mbale, nyale ndi madzi akumwa, n'kutseka chitseko. M'mawa akapeza minga ili mbwee, ndiye kuti mwini nyumba wadya ndipo chaka chiyenda bwino. A Somawati sanaphonyepo mwambowu ngakhale kuno. Ankaika mbale pamwamba pa kabati, poti nyumba ya lendi ilibe chipinda cha m'denga, ndipo chaka chilichonse ankaipeza ili momwemo, nyerere zokha zili piringupiringu. Sankadabwa. Ankadziwa kuti mwiniwakeyo anatsala ku Rainawari, ndipo wakhala ndi njala zaka zonsezi. Zimenezi zinkawadya mumtima kuposa denga lodontha.

"Iwe ndi amene ukunena zimenezi?" anafunsa, lichero atalisiya pansi. "Si iwe unkati nsombazo amadya ndi amphaka?"

"Ndinali mwana, amayi. Komanso ngakhale atakhala amphaka, nawonso njala yawakwana."

"Chitsiru iwe!" Anamumenya paphewa ndi kansalu kopukutira thukuta, akuseka, misozi ili m'maso.

Musaganize kuti anasankha mosavuta. Kwa masiku angapo mtima wawo unali uku ndi uku. Akaganiza za masamba ofiira akuyandama m'ngalande, ankatsegula sutikesi n'kuwonjezeramo chovala. Akaganiza za chipinda cha m'denga chija, cha mdima, chopanda mbale, ankaitsekanso. Masika akanaona nyumba yawo mzinda uli pa ubwino wake, koma akanapita chimanjamanja, poti mwini nyumba sadyetsedwa mwezi wina uliwonse. Chisanu akanavutika ndi mawondo, koma akanakwera masitepe aja ndi mbale m'manja monga mayi wa pakhomo, osati monga woona malo.

A Mohini sanapite m'mbali. "Soma, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Galimoto ilipo, malo alipo. Za chisanu zimenezo ndani waziona? Ana a masiku ano amalonjeza ndi pakamwa pokha."

"Wako ndiye amalonjeza ndi pakamwa. Wanga wakumbukira mwezi wa Poh payekha, popanda womukumbutsa."

"Chabwino mayi wa mwana wabwino. Koma ndikuuze, malowa sindiwasunga mpaka kalekale. Mlamu wanga akuwalirira."

Mpongozi wawo, Neerja, atamufunsa maganizo, anangoti, "Zili kwa inu, amayi," maso ali mumphika. Kuldeep nayenso sanawaumirize ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zonse ankati, "Musankhe nokha, amayi. Sindikufuna mudzati ndinakukakamizani." A Somawati ankaona ulemu m'mawu amenewa.

Mapeto ake anapita okha kwa a Mohini n'kukanena kuti malo aja apatse mlamu wawoyo. Pobwerera anadzera ku kachisi, ndipo mayi aliyense amene anakumana naye anamuuza kuti chaka chino mwini nyumba wawo adya, mwana wawo akuwatengera kwawo m'chisanu. Ena anawasirira. Ena anawaseka kumbali, koma iwo analibe nazo ntchito.

Masika anadutsa. A Mohini anabwera atanyamula mtedza ndi nkhani zosatha: mitengo inali psuu, maapozi otchipa ngati mchenga, ndipo m'nyumba mwawo muli anthu ena amene anawalandira ndi tiyi wamchere. Ku Rainawari sanafikeko, nthawi inachepa. "Waona?" anatero Kuldeep. A Somawati anagwedeza mutu, mtima uli m'malo. Anatulutsa mkanjo wawo waubweya n'kuuyanika padzuwa kuti fungo la mankhwala a njenjete lichoke. Anagula kambaula ka m'dengu kamene timafungatira kunsi kwa mkanjo kukazizira. Anatsuka mbale yamkuwa imene anathawa nayo mpaka inawala.

Chisanu chitayamba, Kuldeep anayamba chizolowezi chatsopano. Akangofika pakhomo ankayatsa wailesi ya kanema kudikira za nyengo, ndipo wolengezayo akati kumapiri kulibe mtambo, iye ankaluma mlomo n'kutuluka panja. Mayi ake ankamumvera chisoni. Ankaganiza kuti mwana akuopa kuti chipale chingagwe mwadzidzidzi n'kuwononga ulendo.

"Usadere nkhawa, mwananga. Ndikupemphera m'mawa uliwonse kuti chipale chichedwe. Ndipo taona, akundimva."

"Akukumvanidi, amayi."

Chaka chimenecho chipale chinakana kugwa. Mwezi wa Poh unalowa kumwamba kuli mbee. Kuldeep anabwera ndi nkhani yoti msewu wagumuka pena pake. M'mawa mwake a Somawati anafunsa dalaivala wa malole wa nyumba yachitatu, iye n'kuseka: "Wagumuka kuti, amayi? Ndabwera dzulo, fumbi lokhalokha." Kenako Kuldeep anati chifuwa chawo sichingapirire kuzizira, koma iwo anali atapita kale okha kwa dokotala, mankhwala ali m'chikwama. Kenako anati bwana wake akuvuta ndi tchuthi. Apa mayiwo anapsa mtima.

"Tamvera iwe. Mweziwu ukutha. Malo a m'galimoto ndinabweza chifukwa cha iwe. Ngati bwana wako ndi amene anakubala, khala naye. Ine ndikwera basi ndekha, njira ya kwathu sindinaiwale."

Kuldeep ankawadziwa mayi ake. Akatero ndiye atero. Anabwereka galimoto kwa mnzake wa kuntchito.

M'mawa wa ulendo Neerja anamanga mpunga m'kathumba, pamodzi ndi zokometsera, nyale ndi mbale ija. Akumanga choncho misozi inayamba kugwera pa kathumbako. A Somawati anamugwira chibwano.

"Ukulira chiyani, mwana iwe? Ndikupita sabata imodzi yokha. Kapena ukuopa kuti ndikakhaliratu, usowe wokangana naye?"

Neerja anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anali kalikiliki kumanga katundu amene anali atamangidwa kale.

Msewu wa m'mapiri ndi wa tsiku lathunthu. Kuldeep anayendetsa pang'onopang'ono moti ngakhale malole ankamupitirira, ndipo sankayankhula. Mayi ake sanamuvutitse, ankati naye mtima wadzadza ndi za kwawo. Ataima kuti adye, iye anangosewera ndi chakudya.

"Amayi, nyumba ija... mwina simukaipeza monga mukuikumbukira."

"Nanenso sikandipeza monga ikundikumbukira. Ndinachoka ndi mano onse. Idya, chakudya chikuzizira."

Atadutsa msewu woboola pansi pa phiri n'kutulukira mbali ya kwathu, a Somawati anatsitsa galasi ngakhale mphepo inkacheka ngati lumo. Minda inali mbuu, mitengo ili ndi nthambi zokhazokha. Sikunali kokongola ngakhale pang'ono, koma iwo ankangopuma mpweyawo mokoka, maso atatseka. Anagona m'nyumba ya alendo ya m'mphepete mwa mzinda.

Kutacha anadzutsa mwana wawo ndi chogwirira cha ambulera. Choyamba nsomba. Pamlatho panali amayi ogulitsa, atakhala mondondozana, mabeseni ali kutsogolo, manja ali m'mikanjo. A Somawati anasankha wonenepa kwambiri, poti wogulitsa wonenepa sakhala ndi njala yokubera, n'kukanikiza nsomba ndi chala.

"Imeneyi inafa liti? Nthawi ya agogo ako?"

"Iii, tamvani mayi awa! Imeneyi m'mawa uno inali ikuwerenga nyuzi m'madzi. Taonani m'makhamo mmene mukufiirira."

"Mtengo umenewo uuze alendo a makamera. Ine ndine wa ku Rainawari."

Wogulitsayo anawayang'anitsitsa, anayang'ana ndolo zazitali za ukwati zolendewera m'makutu mwawo, nkhope yake n'kufewa. "Mwabwerera? Ndi za mwini nyumba eti? Amayi anga ankati mwezi uno anthu inu munkatimaliza nsomba. Tengani iyi, yaikuluyi. Ndipo musandiuze za mtengo, mungandichititse manyazi."

A Somawati ananyamula nsombayo m'nyuzipepala ngati khanda. Kuldeep anayamba kunena zoti bwanji ayambe akwera kaye kukachisi wa paphiri, kapena akaone minda ya mafumu, kuli dzuwa labwino. Iwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndabwera kudzaona minda ine? Itana bwato. Ndinalowa m'nyumba imene ija pa bwato, ndikalowanso pa bwato."

Madzi anali ataphwera, akuda, ndipo m'mbali munali tizidutswa ta madzi oundana. Wopalasa ankakankha ndi mtengo m'malo osaya. A Somawati anakhala kutsogolo, kambaula kali pamimba, nsomba ili pamiyendo, akutchula chilichonse. Uwu mlatho wa matabwa, auika zitsulo. Apa panali wophika buledi wa diso limodzi. Iyi nyumba ya aphunzitsi aja ankamenya ana ndi lunguzi. Apa ndi pamene Kuldeep anagwera m'madzi ali wamng'ono, atavala malaya atsopano. Ankatembenuka kuti aseke naye, koma iye anali atazyolika, akuyang'ana nsapato zake.

Bwato linakhota. Anaona nyumba ya a Fazi, mazenera ake obiriwira omwe aja, ndiwo zouma zikulendewera pakhoma. Kenako anaona kumwamba. Pamalo pamene maso awo anazolowera kugunda khoma la njerwa ndi mazenera osema, panali kumwamba kokhakokha, mbee, mpaka kuphiri.

"Walakwitsa ngalande," anauza wopalasa.

"Ayi mayi, mwanena nokha kuti pafupi ndi mazenera obiriwira."

Masitepe amiyala analipo. Pamwamba pake panali maziko atsopano a simenti, atafunditsidwa masaka ndi udzu, zitsulo zitatulukira m'mwamba ngati mapesi m'munda wokololedwa. Mtengo wa makangaza kunalibe. A Somawati anatsika m'bwato popanda wowagwira dzanja, anakwera masitepewo, n'kuima. M'mutu mwawo munkangobwera kafunso kopusa, kakuti chitseko chili mbali iti.

Mayi wina wokalamba anatuluka m'nyumba ya mazenera obiriwira atanyamula ndowa. Anaima, anaika dzanja pachipumi, ndowa n'kugwa.

"Soma? Soma wanga! Mayo ine, ukuyenda ndi miyendo yako?"

Anali a Fazi, atafota, msana utapindika. Anathamanga mmene nkhalamba ingathamangire n'kuwakumbatira, akupsompsona pachipumi, m'masaya, m'manja, akulira mokweza. A Somawati anangoima ngati mtengo, nsomba ili pakati pawo.

"Fazi, nyumba yanga ili kuti?"

A Fazi anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anayang'ana mnzawoyo, anayang'ana Kuldeep amene anali akadali m'munsi mwa masitepe.

"Ukufunsa ine? Si iwe unatuma mwanayu kuti agulitse? Anabwera chilimwe chathachi, anadya m'nyumba mwanga, pamphasa yangayi. Anati unafa ziwalo, sukudzuka, ukudyetsedwa ndi sipuni. Ndinalira sabata yonse, Soma. Ndinakakupempherera kumanda a oyera mtima."

"Anaigwetsa liti?"

"Masika omwewa, masamba atatha kuyoyoka. Wogulayo amafuna maziko athe chisanu chisanafike, poti simenti siigwira kukazizira. Koma ndi munthu wa Mulungu, bamboyo. Ndinamupempha ndekha kuti, mwini wake ali moyo, mulekeni adzaione komaliza, ngakhale abwere pamachira. Anavomera. Amisiri ake anakhala pansi kudikira, masamba ali psuu, nyumba ili chiimire. Ndinasesa m'zipinda zonse, mpaka cha m'denga. Tsiku lililonse ndinkasuzumira pangalandepa. Kenako mwanayu anaimba foni kuti sizitheka, gwetsani."

Wopalasa bwato anatembenukira kumbali, n'kuyamba kukonza chingwe chimene chinalibe vuto.

A Somawati anatembenuka pang'onopang'ono. "Bwera kuno."

Kuldeep anakwera masitepe. Bambo wa imvi m'mbali, wa mwana wamkazi wa ku koleji, anaima pamaso pa mayi ake manja ali kumbuyo.

"Amayi, mundimvetse. Mbali imodzi ya denga inali itagwa kale. Akuba anazula mazenera a pansi. Chaka china chimodzi ikanagwera m'ngalande yokha, osapezapo kanthu. Zaka zonsezi tili pa lendi, mwana akufuna sukulu, ine ndikanatani? Ndikanakuuzani mukanakana."

"Ndikanakana, ee. Ndikanakutukwana, ndikanagona ndi njala masiku atatu, mwina kenako ndikanavomera. Ndine wopusa ine, wosadziwa kuti nyumba zimagwa? Za kugulitsazo zisiye, ndi nkhani ina." Mawu awo sanakwere. "Malo m'galimoto analipo. Nyumba inalipo. Fazi anasesa. Chinatsala n'chiyani? Ine kukwera basi. Ndipo iwe unabwera n'kukhala pansi pafupi nane, n'kunditchulira mwezi wa Poh."

"Ndinkaopa kuti mukaiona simulola..."

"Unadziwa pamene pali chilonda changa, n'kukanikiza pomwepo. Unatenga njala ya mwini nyumba n'kundimanga nayo miyendo. Ukanandiletsa kupita, bwenzi lero ndikuti mwana wanga ndi wankhanza, basi, ndikanapirira. Koma unati musankhe nokha, amayi. Ndinapita ndekha kwa Mohini, ndi miyendo yangayi, kukabweza malo ndi pakamwa pangapa. Ndinayenda kachisi yense kudzitama ndi iwe."

"Ndimati chipale chigwa, msewu utsekeka, ndipeze nthawi yokuuzani bwinobwino."

A Somawati anaseka, kuseka kowawa kumene sindikufuna kudzakumvanso kwa munthu wamkulu.

"Ndiye madzulo onse aja pawailesi iwe unkapempherera chipale, ine ndikupempherera dzuwa, m'nyumba imodzi. Ndipo ndinkakusisita msana."

Kuldeep anayamba kulira. Mayi ake anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire chake misozi ya mwanayo sinawakhudze. Zimenezi zinawaopsa iwo omwe. Ankamva kuwawa kwa nyumba, inde, koma kumeneko kunali kuwawa kodziwika, kumene tonsefe tinakuzolowera. Chimene chinawathyola ndi chakuti wowapusitsayo sanali mlendo, ndipo anawapusitsa ndi chinthu chomwe iwo anamuphunzitsa atamunyamula m'manja.

A Fazi anawagwira mkono. "Tiye m'nyumba, Soma, ukuzizidwa. Kwanga kuli chipinda cha m'denga. Phika nsombayo, ukaike kumeneko. Ngakhale si mwambo wa chipembedzo chathu, ana anga sanena kanthu, ndipo wonena kanthu aona ine."

"Ayi mnzanga. Mwini nyumba sadya kwa eni. Nyumba ikagwa amapita, ndipo sanena kumene walowera." Anapereka nsomba ija m'manja mwa a Fazi. "Phikira adzukulu ako. Ndi ya lero, usaisunge."

Anakhala m'khitchini mwa a Fazi mpaka dzuwa linapendeka, akumwa tiyi wamchere, akufunsana za amene anamwalira ndi amene anakwatiwa. Za nyumba sanazitchulenso. Kuldeep anakhala panja pa masitepe nthawi yonseyo, ndipo a Fazi, ngakhale anamutukwana kuti ndi mwana wopanda manyazi amene anawanamiza atadya mchere wawo, anamutumizirabe tiyi ndi buledi. Kenako Kuldeep analowa, anavula nsapato, n'kugwada pakhomo la khitchini.

"Amayi, tikhale sabata ija, kapena tibwerere mawa? Zili kwa inu."

A Somawati anaika kapu pansi.

"Usadzandifunsenso kuti ndisankhe kanthu. Chita zimene wakonza kale."

Anabwerera m'mawa mwake. Akukhalabe limodzi kuno ku Jammu, m'nyumba yatsopano imene Kuldeep anagula, ndipo mayi ake anawapatsa chipinda chabwino koposa, cha mphepo. Sanamuthamangitse mumtima, amamuphikira, akadwala amamuyang'anira. Koma mwanayo amaiwala, poti ndi chizolowezi cha munthu waulemu. Amafunsa kuti amayi, mumwa tiyi wamchere kapena wa shuga, tipite kwa dokotala lero kapena mawa, nsalu iyi kapena iyo. A Somawati amangoyang'ana kukhoma, manja ali pamiyendo, mpaka iye atasankha yekha.